Kodi ana ndiwalole kuyenda osavala nsapato akapita kumudzi?

Mayi wa ana awiri, Lilongwe

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa bwino za umoyo wa mapazi, chifukwa nkhaniyi yatisiyanitsa maganizo pabanja pathu. Ndili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 7 ndi wamng'ono wa zaka 3, ndipo sukulu ikatsekera ndikufuna kukawasiya kwa agogo awo ku Ntcheu kwa mwezi wathunthu. Mlamu wanga amene amakhala ku Cape Town anabwera kudzationa posachedwapa, ndipo ataona kuti anawa sindiwalola kutuluka pakhomo osavala nsapato, anandiuza mosabisa kuti ndikuwafooketsa mapazi. Iye akuti kumene akukhalako ana ambiri, ngakhale a m'mabanja opeza bwino, amapita kusukulu ya pulayimale osavala nsapato, ndipo makolo awo amawalola mwadala pofuna kuti mapazi akule olimba.

Mawu amenewa andivuta kuwalandira chifukwa ine ndinakulira kumudzi komweko, ndipo ndimakumbukirabe mng'ono wanga akulira usiku zala zitatupa ndi matekenya, amayi akumuzula ndi phini pa kuwala kwa koloboyi. Kwa ife nsapato inali chinthu chongolakalaka, ndipo nditayamba ntchito ndinatsimikiza mumtima kuti mwana wanga sadzaona zimene tinaona ife. Tsopano ndikumva kuti mwina chimene ndimachiyesa chisamaliro ndicho chikuwapweteka.

Palinso nkhani yachiwiri imene ikundidetsa nkhawa. Bambo anga, amene ali ndi zaka 68, anawapeza ndi matenda a shuga zaka zitatu zapitazo, koma mpaka lero amapita kudimba osavala nsapato. Iwo akuti moyo wawo wonse ayenda chomwecho, khungu la kuphazi kwawo ndi lolimba ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo munga suwalowa. Mlamu wanga uja akuti tiwasiye chifukwa mapazi awo anazolowera. Kodi pa anawa ndi pa agogo awowa ndichite chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mayi, funso lanu landikumbutsa kutali. Ine ndinavala nsapato yanga yoyamba nditasankhidwa kupita kusekondale, ndipo zaka zonse za kupulayimale ndinkayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse phazi likuponda dothi. Ndiyenera kuvomereza kuti mlamu wanu sakunama pa mbali imodzi. Mapazi a ife amene tinakula chotero ndi otambasuka kutsogolo, zala zake zili motalikirana, ndipo mpaka lero ndimatha kutola chinthu pansi ndi zala za kuphazi. Adzukulu anga a m'tauni zala zawo ndi zothithikana, ndipo akaponda pa timiyala pang'ono amayenda monyang'ama ngati aponda moto.

Komabe sindikufuna kukometsa zakale kuposa mmene zinalili. Kuzizira kwa mwezi wa June kuno ku Dedza kunkang'amba zidendene mpaka ming'alu kutuluka magazi, ndipo Loweruka lililonse tinkapita kumtsinje kukakwecha zikang'a ndi mwala kuti tisachite manyazi kutchalitchi. Kupunthwa pa chitsa mpaka chikhadabo kuchoka inali nkhani ya tsiku ndi tsiku, ndipo dzinja likafika linyetsu linkatidya pakati pa zala chifukwa cha kupondaponda m'matope. Nditakhala mphunzitsi ndinaona chinthu china chowawa kuposa zonsezi. Pafupifupi m'kalasi iliyonse munkakhala mwana mmodzi kapena awiri oyenda mopendekeka chifukwa cha matekenya, ndipo anzawo ankawaseka mpaka ena anasiyira sukulu panjira. Ana amenewo sankayenda osavala nsapato pofuna kulimbitsa mapazi ayi, kunali kusowa. Mwana wa ku Cape Town amene mlamu wanu akumunenayo nsapato ali nazo kunyumba, amaponda pa kapinga wotchetcha bwino, ndipo akabaidwa chipatala chili pafupi. Tisafanizire zinthu ziwirizi ngati ndi chimodzi.

Chinanso n'chakuti nthaka ya lero si ya masiku athu. Kale m'njira tinkaopa minga ndi zitsa basi, koma lero ngakhale kumudzi mupeza mabotolo osweka, misomali, mawaya ndi zidutswa za malata, makamaka pafupi ndi msika ndi chigayo. Ine adzukulu anga akabwera ndimawalola kuvula nsapato pabwalo la pakhomo pamene pasesedwa, koma ndikawatuma kugolosale ndimaonetsetsa kuti avala.

Mlangizi wa zaumoyo, Balaka

Zikomo Mayi pofunsa, ndiponso zikomo Aphunzitsi pofotokoza mbali zonse ziwiri. Ine ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'midzi kwa zaka zambiri, ndipo ndiyamba ndi bambo anu chifukwa nkhani yawo ndiyo yosafunika kuzengereza.

Matenda a shuga akakhalitsa m'thupi amawononga mitsempha imene imachititsa munthu kumva kukhudza ndi kupweteka, ndipo kawirikawiri kuwonongekako kumayambira kumapazi. Amachepetsanso magazi ofika kumapaziko, kotero kuti chilonda chimachedwa kupola. Choncho bambo anu akamanena kuti munga suwalowa, n'kutheka kuti munga umawalowa ndithu koma iwo saumva. Munthu wotere amatha kuyenda tsiku lonse kachidutswa ka galasi kali kuphazi, kapena kupsa ndi nthaka yotentha ya mwezi wa October, osazindikira kanthu mpaka ataona magazi pamphasa kapena atamva fungo. Anthu ambiri amene amadulidwa chala kapena mwendo chifukwa cha shuga, vuto lawo limayamba ndi kachilonda kakang'ono koteroko. Khungu lokhuthala limene akulidaliralo silingawateteze, popeza chilonda chimatha kuyambira pansi pa chikang'a osaonekera kunja. Bambo anuwo asapondenso pansi osavala nsapato, kaya ndi kudimba kaya ndi m'nyumba momwe. Madzulo aliwonse munthu wina aziwayang'ana mapazi, pansi pake ndi pakati pa zala, azisamba n'kupukuta bwino, azidzola mafuta kuchidendene koma osati pakati pa zala, ndipo asamachepetse zikang'a ndi lezala kapena kuwotha moto mapazi ali pafupi ndi mbaula. Asanavale nsapato aziyamba ayigwedeza ndi kupisamo dzanja, chifukwa kamwala kamene inu mungakamve msanga iwo akhoza kuyenda nako mpaka madzulo. Malangizo omwewa timaperekanso kwa anthu amene anadwalapo khate, popeza nawonso mapazi awo amachita dzanzi.

Tsopano za ana. Chimene ndimaopa kwambiri si munga, koma zinthu zimene maso sangazione. Pali mtundu wa nyongolotsi za m'mimba zimene sizilowera pakamwa ayi, zimalowera pakhungu. Munthu amene ali nazo akachita chimbudzi patchire, mazira ake amaswa m'dothi lachinyezi ndi lofunda, makamaka pamthunzi, ndipo pakapita sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono timphutsi take timakhala tokonzeka kuboola khungu la aliyense woponda pamenepo. Tikalowa timayenda ndi magazi mpaka m'mapapo, munthu amatimeza pokhosomola, kenako timakakhazikika m'matumbo n'kumayamwa magazi. Mwana amene ali ndi nyongolotsi zambiri zoterezi amachepa magazi, amafooka, amatuwa m'maso ndi m'manja, ndipo m'kalasi amangosinza. Ichi n'chifukwa chake m'sukulu timagawa mankhwala a albendazole. Malo oopsa kwambiri ndi kuseri kwa nyumba, m'nthochi, m'mbali mwa chimbudzi ndi m'madimba, ndipo mudzi umene mabanja ena alibe zimbudzi vutoli limakula.

Matekenya amene mwawatchulawo khalidwe lawo ndi lina. Iwo amakonda fumbi louma, la m'nyumba zosazira ndi la pafupi ndi makola a nkhumba kapena pogona agalu, ndipo amachuluka m'chilimwe. Thekenya lalikazi ndilo limaboola khungu, kawirikawiri m'mbali mwa chikhadabo kapena pakati pa zala, ndipo pakatha sabata ziwiri limakhala litatupa ngati njere ya nandolo, likuoneka loyera ndi kadontho kakuda pakati. Mazira ake amagwera pansi n'kuswa m'fumbi momwemo, ndiye chifukwa chake pakhomo pamodzi anthu onse amagwidwa. Dziwani kuti ana ambiri amalowedwa matekenya m'nyumba mogona, osati panjira, kotero nsapato yokha siingathetse vutoli ngati pansi sipakuziridwa kapena kuwazidwa madzi posesa, ndiponso ngati ziweto zikugona pamodzi ndi anthu. Kuzula ndi phini kapena munga kumasiya bala limene limatha kulowa tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata timene timapezeka m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kubwerekana phini kumafalitsa matenda oyenda m'magazi. Mwana akalowedwa ndi bwino kupita naye kuchipatala. Musananyamuke onaninso buku lawo la kusikelo kuti katemera onse analandira.

Pomaliza, madzulo kukayamba mdima ana asayende m'tinjira ta m'maudzu osavala nsapato. Mphiri ili ndi chizolowezi chogona panjira osathawa munthu akamabwera, ndipo anthu ambiri olumidwa ndi njoka amalumidwa kuphazi kapena m'munsi mwa mwendo. Pa zifukwa zonsezi ine ndimalangiza nsapato yotseka, chifukwa silipasi imasiya zala ndi chidendene pamtunda.

Wothandiza odwala mafupa ndi minofu, Blantyre

Alangizi anena zoona zokhazokha, ndipo pa nkhani ya agogo odwala shuga palibe chimene ndingachotsepo. Koma ndikuopa kuti Mayiwa akawerenga za nyongolotsi ndi njoka adzatsekera mapazi a ana m'nsapato kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo kutero kulinso ndi mavuto ake amene ine ndimakumana nawo pantchito.

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, kuphatikizapo timinofu tambiri timene timalimba pokhapokha tikamagwira ntchito. Mwana aliyense amabadwa phazi lake likuoneka lathyathyathya chifukwa pansi pake pamakhala mafuta, ndipo mpata uja wa pakati pa phazi umene sukhudza pansi umapangika pang'onopang'ono mpaka mwana atafika zaka 6 kapena kuposerapo. Mwana wanu wa zaka 3 ali pakati penipeni pa nthawi imeneyi. Akamaponda pa mchenga, pa udzu ndi pa nthaka yokwera ndi yotsika, zala zimagwira pansi, timinofu timalimba, ndipo ubongo umaphunzira kudziwa mmene thupi laimira kudzera m'zimene phazi likumva. Nsapato yolimba yosapindika imagwira phazi ngati chikhakha, n'kulilanda ntchito yonseyi.

Zimenezi anthu anazifufuza. Mu 1992 madokotala awiri a ku India, Rao ndi Joseph, anayeza mapazi a ana 2,300 ndipo anapeza kuti mwa ana 100 alionse ovala nsapato, pafupifupi 9 anali ndi phazi lathyathyathya, pamene mwa ana 100 osavala anali pafupifupi 3 okha. Anapezanso kuti vutoli linali lalikulu mwa ovala nsapato zotseka kusiyana ndi ovala nkhwayira kapena masilipasi, ndipo apa ndi pamene malangizo anga akusemphana pang'ono ndi a Alangizi. Mu 2017 ofufuza ena anayerekeza ana a ku South Africa okula osavala nsapato ndi ana a ku Germany okula ndi nsapato, ndipo anaonanso kuti mapazi a magulu awiriwa amakula mosiyana, a osavalawo mpata wa pansi pa phazi uli wokwererapo. Ndiye mlamu wanuyo mawu ake ali ndi maziko. Palinso kafukufuku wa mu 2019 wa gulu la Daniel Lieberman wa ku yunivesite ya Harvard, amene anayeza anthu a ku Kenya ndi a ku America, ndipo anapeza kuti khungu lokhuthala la munthu woyenda osavala nsapato limateteza phazi popanda kuchepetsa kumva kwake. Chonde zindikirani kuti izi zikunena za munthu amene mitsempha yake ili bwino, osati wodwala shuga.

Anthu okonda nkhaniyi amatchula kawirikawiri Abebe Bikila wa ku Ethiopia, amene anapambana mpikisano wothamanga makilomita 42 pa masewero a Olimpiki ku Rome mu 1960 osavala nsapato. Zimenezo n'zoona, koma amaiwala kuti mu 1964 ku Tokyo munthu yemweyo anapambananso atavala nsapato, ndipo anathamanga mofulumira kuposa poyamba. Mphamvu inali m'mapazi amene anakula akugwira ntchito kuyambira ali mwana. Munthu wamkulu amene wavala nsapato moyo wake wonse akangoyamba mwadzidzidzi kuthamanga pa tala osavala, amatupa mtsempha wa kuseri kwa chidendene, ndipo ena timafupa ta pakati pa phazi timachita ming'alu. Ana anu a m'tauniwo nawonso khungu lawo ndi lofewa, choncho masiku oyamba avule kwa kanthawi kochepa, m'mawa kapena chakumadzulo nthaka isanatenthe kapena itazizira, kenako nthawi izionjezeka.

Ine ndinganene kuti m'nyumba ya simenti, pakhonde, pabwalo losesa bwino ndi pa mchenga woyera ana avule momasuka tsiku lililonse, ngakhale kwanu ku Lilongwe komweko. Kuchimbudzi, kukhola, kudimba, kumsika ndi usiku avale, ndipo pamenepo nsapato yotseka ya Alangizi ndiyo yoyenera.

Wosoka nsapato, Limbe

Ine si wachipatala, koma ndakhala ndikusoka nsapato kwa zaka zoposa 20, ndipo nsapato ikabwera m'manja mwanga imandiuza mmene phazi la mwini wake likuvutikira. Ndikufuna kuwonjezera kuti funso lisangokhala lakuti avale kapena asavale, chifukwa mapazi ambiri amene ndawaona atapunduka anawonongedwa ndi nsapato yolakwika.

Makolo ambiri amalakwitsa pawiri. Ena amagula nsapato yaikulu kwambiri kuti mwana akule nayo, ndiye mwana amayenda akukoka phazi ndi kupinda zala kuti isavuke, mapeto ake matuza kuchidendene. Ena amasiya mwana avale nsapato ya sukulu zaka ziwiri chifukwa sinang'ambike, pamene phazi linakula kalekale, ndipo zala zimapindika, chikhadabo cha chala chachikulu n'kumalowa m'mnofu. Phazi la mwana wa zaka 3 limakula msanga, choncho pakatha miyezi itatu iliyonse dinani kutsogolo kwa nsapato mwana ataimirira, ndipo pakati pa chala chachitali ndi mapeto a nsapato pazitsala mpata wokwana chala chanu chachikulu cha kudzanja. Ambiri timapita kumsika ndi kamtengo kamene tayezera phazi la mwana, koma kamtengo kamangoonetsa kutalika. Ndi bwino kumuimika papepala, kujambula phazi lonse mozungulira ndi pensulo, kudula pepalalo n'kukalilowetsa m'nsapato imene mukufuna kugula. Likapindika m'mbali ndiye kuti nsapatoyo ndi yopapatiza.

Pa kaunjika pamapezeka nsapato zabwino zachikopa, koma tembenuzani muone kunsi. Ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, nsapatoyo idzakakamiza mwana wanu kuyenda monga ankayendera mwini wake woyamba. Ipindeninso ndi manja, ndipo yabwino imapindika pamene zala zimayambira, osati pakati. Mukagula ichapeni ndi kuyanika padzuwa masiku awiri. Nsapato za pulasitiki zotseka zimasunga thukuta, ndipo mwana akazivala tsiku lonse popanda sokosi, pakati pa zala pamayera n'kuyamba kusupuka ndi kuyabwa, zomwe zija Aphunzitsi anaziona m'matope.

Za bambo anu, anthu achikulire amene anakula osavala nsapato mapazi awo ndi otambalala, ndipo nsapato zambiri za m'sitolo zimawathina. Nthawi zambiri akamakana kuvala si mwano ayi, n'chifukwa chakuti zimene anawagulira zimawapweteka kapena kuwalemera. Pitani nawo akayese okha, makamaka masana chifukwa phazi limatupa pang'ono dzuwa likapendeka, ndipo musankhe yotakasuka kutsogolo, yofewa mkati, yopanda msoko wokhula. Kudimba magambutsi ndi abwino, koma avale ndi sokosi za thonje ndipo akaweruka azivula kuti mapazi apitidwe mphepo.

Mayi wa ana awiri, Lilongwe

Ndathokoza kwambiri nonse. Za ana ndamvetsa, ndipo dzulo madzulo ndinawalola kusewera pakhonde ndi pa mchenga wa kuseri kwa nyumba osavala nsapato. Ndajambulanso mapazi awo papepala monga mwanenera Bambo a ku Limbe, ndipo ndapeza kuti nsapato ya sukulu ya wamkuluyu inamuthina kale, ngakhale iye sanadandaulepo. Ndauza amayi kuti azire chipinda chimene anawo akagone ndi kusuntha agalu pakhonde.

Koma chimene chandibweretsanso pano ndi ichi. Nditawerenga mawu a Alangizi ndinaimbira foni mchemwali wanga kumudzi kuti awayang'ane bambo mapazi. Wapeza kachilonda pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanzere, kakukula ngati ndalama yachitsulo yaing'ono, m'mbali mwake muli khungu lolimba, ndipo bambo akuti sakumva kupweteka ngakhale pang'ono, sakudziwanso kuti kanayamba liti. Tsiku lawo lokatenga mankhwala a shuga ndi kumapeto kwa mwezi, patsala sabata zitatu. Kodi tidikire tsiku limenelo, kapena pali mankhwala amene mchemwali wanga angagule kuti aziwapaka?

Mlangizi wa zaumoyo, Balaka

Mayi, musadikire kumapeto kwa mwezi. Apite nawo kuchipatala mawa m'mawa, ndipo akafika anene msanga kuti ndi munthu wodwala shuga amene ali ndi chilonda kuphazi, atatenga buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Kusamva kupweteka kumeneko ndiko chizindikiro chakuti mitsempha yayamba kuwonongeka, ndipo chilonda chooneka chaching'ono pamwamba chimatha kukhala chakuya mkati. Lero mchemwali wanu atsuke pamalopo ndi madzi owiritsa amene azizira, aphimbe ndi kansalu koyera kouma, ndipo asapakepo phulusa, masamba, mankhwala otsukira mano kapena ufa wa m'makapisozi. Asayesenso kudula khungu lolimbalo. Bambo apumitse phazilo, asapite kudimba, ndipo ulendo wa kuchipatala akwere njinga kapena galimoto, asayende pansi. Mukaona kuti phazi latupa, lafiira kapena kuda, likutentha, likutuluka mafinya kapena fungo, kapenanso thupi lawo latentha, musadikire n'komwe kuti kuche, anyamuke usiku womwewo.